Njanji Yodutsa M'munda wa Mulamu

Zaka zonse zimene ndinaphunzitsa ku sekondale, palibe kholo ngakhale limodzi limene linafika pakhomo panga litakwiya. Ndinachita kudikila kupuma ntchito, imvi zitadzaza mutu, kuti lole yodzaza anthu a ku Nyalugwe idzaime pageti panga kuno ku Petauke, ena atanyamula mapepala a minda m'mapulasitiki, ena makasu. (Makasuwo akuti anali opita nawo kumsika kokawotchelela. Mpaka lelo ndimakhulupilila theka chabe.) Lekani ndikuuzeni ndekha mmene zinayendela, chifukwa nkhani imene ikumveka m'mabasi ndi yoipa kuposa yeniyeni, ngakhale kuti yeniyeniyonso si yabwino.

Kupuma ntchito kumakoma mwezi woyamba basi. Ukatha umenewo umayamba kuona kuti ana amene unawaphunzitsa akukudutsa pagalimoto osatsitsa ndi galasi lomwe. Akazi anga, amake Misozi, ali ndi kantemba ka zitenje kumsika. Amachoka m'mawa, kubwela madzulo. Ine ndinkatsala ndi nkhuku. Tsiku lina mwana wathu Misozi, amene ndi namwino ku Lusaka, anandiimbila foni.

"Atate, ndatumiza katoni pa basi. Ndaipeza pa salaula, paja amagulitsa zinthu zakale. Muzichitako kanthu, amama akuti mwayamba kukambilana ndi tambala."

M'katonimo munali sitima. Sitima yoseweletsa, koma osati ya mapulasitiki ija ana amakoka ndi chingwe, iyai. Inali injini yakuda, yolemela, yaikulu ngati mbatata yabwino, mabogi atatu, njanji zoduladula zimene umalumikiza wekha, ndi kabokosi kolumikiza ku magetsi. Njanji zokhota zinali khumi ndi ziwili, zoongoka zinayi. Ndinazilumikiza pansi pabalaza, n'kuyatsa. Kainjini kaja kananjenjemela, kanayatsa nyali yake, kanayamba kuzungulila. Ndikuuzani zoona, misozi inalengeza m'maso. Ine ndaphunzitsa za njanji pabolodi kwa zaka zambili, koma sitima ndinakwela kamodzi kokha ndili ku koleji. Kuno kwathu njanji timaimva pakamwa pa anthu ofuna mavoti.

Usaone ukalamba, foni ndimaidziwa. Ndinapeza makanema a azungu okalamba ngati ine ndemwe, amene anasandutsa zipinda zathunthu kukhala dziko la sitima zing'onozing'ono: mapili, milatho, tinyumba, ngakhale ting'ombe. Onse ankalangiza zofanana. Akuti woyamba kumene ayambe ndi kamalo kakang'ono, asakhome msomali asanajambule pulani, ndipo atengele dela limene amalidziwa bwino. Malangizo abwino ndithu. Palibe ngakhale mmodzi amene anachenjeza kuti pulaniyo usamayende nayo.

Choyamba chinali malo. Ndinayesa tebulo lodyela.

"Atate ake Misozi, tebulo langa lisanduke siteshoni ndikali moyo? Chotsani."

Ndiye ndinatenga chitseko chakale chimene chinali kuseli kwa nyumba, ndinachipala, n'kuchigoneka pa migolo iwili m'chipinda chimene ankagonamo Misozi. Phili loyamba ndinaliumba ndi manyuzipepala ndi phala la ufa wa chinangwa. Linali lokongola. Patapita masiku atatu makoswe anali atalidya mbali yonse ya kum'mawa. (Phili lachiwili ndinathilamo tsabola. Likalipo.) Udzu ndinapanga ndi utuchi wa kwa kalipentala, wonyika mu penti wobiliwila. Mitengo ndi waya ndi siponji yotsukila mbale, imene amake Misozi anaifunafuna sabata yonse.

Tsono pulani. Apa ndi pamene panali matenda anga. Ine ndinali mphunzitsi wa za mapu, ndipo mapu sindijambula mwamasewela. Ndinagula pepala lalikulu lolimba lija timapachika m'kalasi. Ndinajambula msewu waukulu wa ku Lusaka, mitsinje ndi inki ya buluu, midzi ndi maina ake enieni, muvi woloza kumpoto, ndi kabokosi kofotokoza zizindikilo pansi. Njanji ndinaijambula ndi inki yofiila, kuchokela ku Petauke, kudzela ku Nyimba, kukathela ku Nyalugwe kwawo kwa akazi anga. Pamwamba ndinalemba zilembo zikuluzikulu: NJANJI YA PETAUKE – NYIMBA – NYALUGWE, GAWO LOYAMBA. Gawo loyamba chifukwa ndinkaganiza kuti ndikadzapeza chitseko china ndidzawonjezela.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mutu, ndinaganiza zopita kukaona malowo ndi maso kuti mapili anga afanane ndi enieni. Ndinabweleka tepi yaitali imene amapimila bwalo la mpila kusukulu kwanga kwakale. Ndinavala chovala chonyezimila chija amavala okonza misewu, chimene ndinali nacho kuyambila pamene ndinali ndi njinga yamoto. Mapu ndinawapinda n'kuwalowetsa mu paipi. Basi mpaka ku Nyimba, kenako njinga yamoto mpaka kumudzi. (Inde, ndikudziwa mmene ndinkaonekela. Panopa ndikudziwa.)

Muyenela kuwadziwa a Daka. A Daka ndi mlongo wawo wamkulu wa akazi anga, mlimi weniweni, manja ngati khungwa la mtengo. Anali ndi ng'ombe ziwili zolimila, Bulaki ndi Sitilongo, zimene ankazikonda kuposa abale ena. Kuyambila tsiku limene ndinakwatila m'banja lawo, sananditchulepo dzina lina koma "a Choko". Pa malilo, pa ukwati, anthu atadzaza, iwo: "A Choko, khalani pamthunzi, mungasungunuke." Ndinkaseka nawo. Mumtima sindinkaseka.

Tsiku limenelo anandipeza ndikupima kamlatho ka pamtsinje kumunsi kwa munda wawo, ndikujambula zithunzi ndi foni.

"A Choko, mwataya chiyani pamenepo?"

"Ndikupima chabe, mulamu."

"Mupima chiyani? Nanga mu paipimo muli chiyani?"

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinatambasula mapu. Anawayang'ana nthawi yaitali. Chala chawo chinatsata mzele wofiila pang'onopang'ono mpaka chinaima pa kabokosi kakuda kamene ndinalemba kuti SITESHONI.

"Apa si pamunda wanga apa?"

"Ndi pamenepo."

"Sitima idzaima pamunda wanga?"

Abale anga, yankho loona linali lalifupi kwambili. Ndikanangoti, mulamu, ndi kachidole, kali pachitseko kunyumba. Mawuwo anafika pakamwa ndithu. Koma pamene ndinkatsegula pakamwapo, a Daka anavula chisoti. Sindinawaonepo atavula chisoti pamaso panga. Ndinaona dazi lawo koyamba tsiku limenelo.

"Pulani yake ndi imeneyi," ndinatelo.

"Ndiye a boma akutumani? Paja munapuma ntchito."

"Zina sitikamba, mulamu."

Sindinaname. Ndakhala ndikudziuza zimenezi kambilimbili. Pitani m'mawu anga onse, simupezamo bodza. Koma madzulo amenewo anandiphela nkhuku, nthutumba anaika m'mbale yanga, ndipo ananditcha "aphunzitsi". Pamene ndinkamaliza kudya, pabwalo panali patadzaza anthu. Aliyense ankafuna kuona pamene mzele wofiila wadutsa. Ine ndinakhala pampando, iwo pansi, ndikuloza ndi kamtengo ngati kale m'kalasi. Zinandikomela. Ndilibe mawu ena, zinandikomela.

Pakati pawo panali amai Njobvu, amasiye, amene amalela adzukulu atatu ndi kamunda kamodzi. Mzele wanga unadula kamundako pakati penipeni. Anadikila anthu achepe, n'kugwada chapatali.

"Bambo, ndifunseko. Chaka chino ndilime, kapena adzangogumula?"

Ndinayang'ana a Daka, amene ankandiyang'ana ngati munthu wodziwa zinthu.

"Amai, ine sindingakuuzeni kuti limani, sindingakuuzeni kuti musalime."

"Ndamva, bambo. Zikomo."

Ndinabwelela ku Petauke ndikudziuza kuti nkhaniyi ifa yokha. Kumudzi nkhani zimabwela n'kupita. Koma foni inayamba kulila. Munthu wina wa ku Nyimba, amene sindimudziwa, anafunsa ngati mwana wake angalembedwe ntchito yoduladula matikiti. Wina anati ali ndi mbuzi yonenepa, ngati siteshoni ingasendezedwe pang'ono kufika kumudzi kwawo. Ndinkayankha kuti, "Tiona," n'kudula. Ndikadula ndinkalowa m'chipinda kukamata mitengo yanga ya siponji. Ku tchalitchi anthu anayamba kundisiyila benchi ya kutsogolo.

Tsiku lina amake Misozi anabwela kumsika ali ndi nkhani.

"Mwamva? Akuti njanji ibwela zoona manje. Akuti kuli mkulu wina anapita kukapima kwathu ku Nyalugwe."

"Ehe?"

"Inu munali komweko mwezi watha. Simunamuone?"

"Anthu anali ambili," ndinatelo, maso ali m'kapu ya tiyi.

Sabata yotsatila anabwela nkhope itasintha. Anali atalankhula ndi akazi a a Daka pafoni. Anaima pakhomo la chipinda cha sitima, anayang'ana mapu amene ndinakhoma pakhoma, anayang'ana ine.

"Mkulu uja ndinu."

Ndinaika pansi kamtengo ka siponji kamene ndinkamata.

"Alongo anga agulitsa Bulaki ndi Sitilongo. Agula malata ndi simenti. Akumanga gulosale pamunda, akuti pafupi ndi siteshoni. Atate ake Misozi, mwandimva? Agulitsa ng'ombe."

Ndinalonjeza kuti Loweluka ndipita kukawauza. Loweluka litafika ndinadwala m'mimba, ndipo kudwalako kunali kwenikweni. Loweluka linalo ndinafika mpaka pokwelela basi, ndinaona anthu awili a kumudziko akundiweyulila ndi ulemu, ndinabwelela. Ndinalemba uthenga pafoni, ndinafufuta. Ndinalembanso wina wautali, woyamba ndi mawu akuti "Mulamu wanga wokondedwa", ndinaona kuti ukumveka ngati wa malilo, ndinafufutanso. Amake Misozi anati iwo sanena kanthu, chifukwa amene anajambula mzele ndi amene akaufufute. Mvula yoyamba inagwa ndikali kusankha mawu.

Ndiye lole ija inafika. Linali Lachiwili, cha m'ma teni m'mawa. Anthu anali atapita kaye ku maofesi a pa boma kukafunsa za chipukuta misozi cha minda yawo, ndipo kumeneko anawauza kuti za njanjiyo sakuzidziwa. Iwo anaganiza kuti a m'maofesi akufuna kudya okha. Choncho anabwela kwa mwini pulani.

A Daka ndi amene anayamba kutsika, atavala jekete la ku tchalitchi.

"Aphunzitsi, pepani tabwela osakuuzani. Anthu angofuna kumva tsiku. Mvula yayamba, ena sanadzale."

Ndinayamba kulankhula. Sindikumbukila zimene ndinanena, koma munali mawu ngati "ndondomeko" ndi "magawo". Ndikanapitiliza, Mulungu andikhululukile, ndikanapitiliza ndithu. Koma wina anali atathamangila kumsika kukauza amake Misozi kuti kwanu kwabwela alendo. Amake Misozi analowa pageti ali wefuwefu, sanapeleke moni kwa aliyense, ngakhale kwa alongo awo. Anadutsa pabalaza, anatsegula chitseko cha chipinda chija mpaka chinagunda khoma.

"Lowani. Lowani nonse muone njanji yanu."

Analowa mmodzimmodzi, ena anasuzumila pawindo. Panali chitseko pa migolo iwili. Phili la manyuzipepala lonunkha tsabola. Mtsinje wa pulasitiki ya buluu. Tinyumba ta mabokosi a machesi. Pakati, kainjini kakuda ndi mabogi ake atatu, kataima pa kasiteshoni ka katoni kamene ndinalembapo ndi dzanja langa labwino lija: NYALUGWE.

M'kalasi ndinkalakalaka chete wotele, sindinamupezepo.

Amene anayamba kulankhula ndi amai Njobvu. Anasendela pafupi, manja ali kumbuyo ngati akuopa kuswa kanthu.

"Bambo, munda wanga ndi uti apa?"

Ndinaloza pa utuchi wobiliwila, pambali pa njanji.

Anauyang'ana, anagwedeza mutu. "Inu mwadzala kale. Zamela bwino."

Wina pawindo anayamba kuseka, kenako anasiya yekha. A Daka anabwela kudzaima pafupi ndi kasiteshoni. Anavala chisoti chawo pang'onopang'ono, m'nyumba momwemo.

"Iyendetseni."

"Mulamu..."

"Ndagulitsa ng'ombe chifukwa cha sitima iyi. Ndifuna ndiione ikuyenda."

Ndinagwada, ndinalumikiza waya, ndinatembenuza kabatani. Palibe chinachitika. Ndinatembenuzanso. Malaiti anali atapita kuyambila m'mawa, ndipo ine m'chipwilikiti chija ndinaiwala.

"Malaiti kulibe," ndinanong'ona.

A Daka anatambasula chala chimodzi, chala chomwe chija chinatsata mzele wofiila, n'kukankha injini kumbuyo. Inayenda. Inatuluka m'siteshoni, inadutsa munda wa amai Njobvu, mabogi akutsata bwinobwino. Itafika pokhota pa Nyimba, pamene ndinali ndisanakhome misomali, njanji inatseguka. Injini inapendama, inagwela mumtsinje wa pulasitiki, bogi imodzi inagubuduka mpaka pansi pa simenti.

Apa ndiye anthu anaseka. Anaseka mpaka ena kukhala pansi, ena kutuluka panja atagwila m'mimba. Mayi wina ankaseka akupukuta misozi, ndipo sindinadziwe kuti misoziyo ndi ya chiyani, chifukwa nayenso anali atasiya kufolela nyumba yake poganiza kuti igumulidwa. A Daka sanaseke. Anatola bogi ija pansi, anaipukuta ndi jekete, anaiika m'manja mwanga, n'kutuluka kukakwela lole.

Ndinkayembekezela kuti amake Misozi alalata, mwina alongedza katundu wawo. Analongedza wanga. M'mawa mwake ndinapeza chikwama pakhomo, pambali pake khasu latsopano, mtengo wake ukali woyela.

"Ng'ombe za alongo anga zinali ziwili," anatelo. "Inu ndinu mmodzi, koma kayambeni."

Ndinakhala ku Nyalugwe masabata asanu. M'mawa ndinkalima kwa a Daka, dzuwa likapendeka kwa amai Njobvu, amene anadzala mochedwa kuposa aliyense m'mudzimo. Tsiku lachiwili manja anatuluka matuza, lachitatu matuza anaphulika, lachinayi ndinakulunga nsanza. Ndikadutsa pa mjigo, azimayi ankasiya kupopa, wina n'kuyamba chapansipansi, "chuku, chuku, chuku," ena n'kulandila. Pakati pa munda panaima gulosale ija, makoma ofika m'chiuno, malata ataunjikidwa pambali. Mbuzi zinkabisalamo mvula. Tinkalima moizungulila, palibe ankaitchula.

Chimene chimandiwawa kwambili si matuza. Ndi chakuti amai Njobvu tsiku lililonse ankandibweletsela madzi akumwa m'munda, atagwada, n'kumati, "Mwatopa, bambo, pumulani." Akanandinyoza ndikanapepukidwa. Chimanga chawo chaka chimenecho sichinafike ndi paphewa pomwe.

A Daka sanandilankhule masabata anayi athunthu. Sananditchule a Choko, sananditchule aphunzitsi. Akafuna kuti ndiyambe mzele wina ankaloza ndi khasu. Sabata yomaliza, tikupuma pamthunzi wa khoma la gulosale, analankhula osandiyang'ana.

"Mulamu, ndifunseko chimodzi."

"Funsani."

"Minda ndi yambili kuno. Siteshoni munaiikilanji pamunda wanga?"

Ndinamva m'mawu awo kuti akufuna yankho linalake. Akanakonda kumva kuti ndinawaganizila, kuti ngakhale m'masewela ndinafuna kuti sitima iime pakhomo pa mulamu wanga. Yankho limenelo linalipo, laulele, ndipo likanatigwilizanitsa pomwepo. Koma ine ndinali nditalumbila pa khasu lija kuti sindidzasiyanso munthu akhulupilile chinthu chimene sichili choncho.

"Chitseko chija chinali ndi bowo pamene panali loko," ndinatelo. "Ndinafuna chinthu chotsekapo. Kasiteshoni kanakwana bwino, ndipo pa mapu bowolo linagwela pamunda wanu."

Anayang'ana makoma, anayang'ana malata, anayang'ana kumene kunali khola la ng'ombe.

"Bowo la loko," anatelo.

Anaimilila, anatenga khasu, n'kupita kukayamba mzele wa kutali kwenikweni, kumalile a munda.

Nditabwelela ku Petauke ndinawafotokozela amake Misozi, ndikuganiza kuti andiyamikila. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Pamene munafunika kunena zoona munatseka pakamwa. Pamene munafunika kutseka pakamwa, mwanena zoona. Sukulu yonse ija munkaphunzitsa chiyani?"

A Daka mpaka lelo foni yanga sayankha. Kunena zoona ndinaphunzila ndithu, ndipo ndinaphunzila ndi manja otupa. Nthawi yake yonenela ndi imene ndikali kuiphonya.